Oyilo wakuda wa mu injini: kumutsitsa pakhomo osadetsa pabwalo, ndi komwe apite

Kutsitsa oyilo wa galimoto kapena wa njinga yamoto pakhomo si ntchito yovuta ngati muli ndi sipanala ndi malo. Bawuti ndi imodzi, fyuluta ndi imodzi, ndipo mukalawirira mumamaliza dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Chimene chimasokoneza anthu ndi oyilo wakuda wotulukayo: agwere muti, ndipo akagwera mmenemo apite kuti. Pakhomo pa anyamata ambiri a kabaza amene amadzipangira okha sevisi pamakhala banga lakuda patsinde pa mango, pamene udzu unaleka kumera, ndipo limakula sevisi iliyonse.

Kuno ku Salima nkhaniyi si yaing'ono. Madera a m'mbali mwa nyanja, monga ku Senga Bay, ndi a mchenga, madzi a pansi sali patali, ndipo mabanja ambiri amamwa a m'zitsime zokumba pamanja. Oyilo akatayikira pamchenga sadikira kuti mumupale, amalowa pansi. Wotsala pamwamba mvula imamukokolola kupita naye m'ngalande, m'dambo, mpaka mu Linthipe kapena m'nyanja momwe. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, limati oyilo wotsitsidwa m'galimoto imodzi ulendo umodzi akhoza kuipitsa madzi okwana magaloni 1 miliyoni, omwe ndi malita oposa 3.7 miliyoni. Amene anaonapo kadontho kamodzi kakuyala mitundu pamwamba pa ndowa yonse ya madzi sangadabwe nacho chiwerengerochi.

Oyilo akudumpha beseni

Ili ndiye dandaulo la aliyense. Mwaika beseni pansi penipeni pa bawuti, mwamasula, oyilo n'kuthamanga kukagwera kuseri kwa beseni. M'galimoto zambiri bawuti ya sampu, chibeseni cha pansi pa injini mmene mumakhala oyilo, siloza pansi, imaloza chammbali kapena chakumbuyo. Sampu ikakhala yodzaza oyilo amatuluka ndi mphamvu n'kukagwera patali, ndipo akamachepa amabwerera pang'onopang'ono mpaka azingodontha molunjika pansi pa bowo. Ndiye kuti malo ogwera oyilo amasuntha. Chotengera chanu muchiike moti bowo likhale cha m'mphepete mwake, mbali yaikulu ikhale kumene bawuti yaloza, ndipo dzanja limodzi likhale pomwepo kuti muzichikoka potsatira oyiloyo. Foni ikaitana pa mphindi ziwiri zoyambirirazi, isiyeni iitane.

Pamapeto oyilo amatsala kaulusi kowonda kwambiri. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imakaulutsa kaulusiko n'kumwaza timadontho pa tayala, pa malaya ndi pansi ponse. Imikani katoni mbali imene mphepo ikuchokera, kapena galimoto ikhale kuseri kwa khoma. Mphepo yomweyo imaponya mchenga pa bowo la pamwamba lothirira oyilo watsopano mukalisiya pululu, ndipo mchenga mu injini ndi mlandu waukulu kuposa banga la pabwalo.

Beseni la kukhitchini lisiyeni kukhitchini. Mayi akunyumba akalipeza lili bii nkhani yake sitha lero, ndipo iwo ndi amene akhoza, chifukwa pulasitiki imene munalowa oyilo wa injini si yoviikamonso mphale kapena kutsukiramo mbale. Chimene chimathandiza ndi chigubu chakale cha malita 20, chachikasu chija cha mafuta ophikira. Chigonekeni chafulati, mudule bowo lalikulu pa mbali imene yayang'ana kumwamba, koma musiye mphepete ya zala zitatu kuzungulira kuti oyilo asamakhavukire mukamachikoka. Pakamwa pake musadulepo, mungotsekapo zolimba, chifukwa ndi pamene muzidzatsanulira. Galimoto ikakhala yotsika, chigubu cha malita 10 chimalowa bwino.

Musanamasule chilichonse dziwani kuchuluka kwa oyilo amene akubwera. Sienta, Probox ndi Corolla za injini ya 1.5 zimatenga malita osakwana 4. Hilux ya dizilo imatenga pafupifupi malita 7. Njinga yamoto ya 125 kapena 150 ndi lita imodzi basi. Chotengera chikhale chokula kawiri kuposa pamenepo, chifukwa chodzaza mpaka m'kamwa simungachitulutse kunsi kwa galimoto osataya. Pansi pake yalani pepala la pulasitiki kenako katoni pamwamba. Thumba la feteleza lisakunamizeni, ndi loluka, oyilo amangodutsa.

Bawuti yamira, dzanja lapsa

Oyilo wozizira amatuluka mwaulesi ndipo zonyansa zimatsalira pansi pa sampu. Wotentha kwambiri amasupula khungu, pakuti injini ikamayenda amafika madigiri 90 mpaka 100. Ngati mwangotsika kumene kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14, dikirani theka la ola kapena kuposerapo, makamaka mu Okutobala pamene injini sizizira msanga. Ngati galimoto yagona, ilizeni mphindi 5 n'kuzimitsa. Yesani sampu ndi kuseri kwa dzanja. Mukatha kuigwira osathawitsa dzanja, nthawi yake ndi yomweyo.

Bawuti muimasule ndi sipanala mpaka ifewe, kenako mupitirize ndi zala uku mukuikankhira mkati. Mukamaikankha choncho mazinga amatseka njira ndipo oyilo sakuyendererani m'mkono. Mukamva kuti yafika pa mapeto, imachita kagogodo pang'ono, ichotseni mwachangu mokwezera dzanja m'mwamba ndi kumbali, osati chapansi kumene oyilo akupita. Ikakupulumukani n'kugwera m'chigubu musapisemo dzanja. Maginito a sipika ya wailesi yakufa, omangirira ku waya, amaivuula mosavuta. Yang'ananinso kawasha kake, kamene nthawi zina kamakakamira pa sampu, nthawi zina kamamira limodzi ndi bawuti.

Za m'manja ndinenepo pang'ono, chifukwa amakaniko ambiri amazitenga ngati zachibwana. Oyilo wotha ntchito amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za mafuta opsa, ndipo pa kafukufuku wa pa nyama zinapezeka kuti akamakhalitsa pakhungu mobwerezabwereza amayambitsa khansa ya pakhungu. Valani magolovesi, akasowa ngakhale jumbo imathandiza. Posamba musagwiritse ntchito petulo kapena palafini, zimaumitsa ndi kung'amba khungu. Pakani timafuta tophikira kuti oyilo asungunuke, mupukute ndi sanza, kenako sopo.

Jeke ikumira

Pamchenga jeke imamira kapena kupendekeka, ndipo munthu sayenera kulowa kunsi kwa galimoto imene yatsamira jeke yokha, ngakhale pa simenti. Njerwa zootcha nazo si zodalira, zimaphwanyika mosachenjeza. Njira yosavuta ndi kukweza matayala akutsogolo pa matabwa ochindikala osanjikiza, kukoka handibuleki, kuika giya ndi kutchinga matayala akumbuyo ndi miyala. Ngati mwagwiritsa ntchito jeke, pansi pake pakhale thabwa lotambalala, ndipo galimoto itsamire pa zitsulo zoimikira kapena pa zipika zolimba za mtengo.

Fyuluta, imene ambiri amaiwala

Munthu amasamala pa bawuti, n'kudzataya oyilo pa fyuluta. Mkati mwake mumatsala oyilo wambiri ndithu, ndipo mukangoimasula amayenderera m'mbali mwake, pa injini, mpaka m'khwapa mwanu. Sunthirani chigubu pansi pake musanaigwire. Ikafewa, ivekeni jumbo n'kupitiriza kumasula muli m'jumbomo, kuti fyuluta ndi oyilo wake zigwere momwemo. Mukatero iboleni ndi msomali kumutu kwake, muizondotse pa kawaya kopingasa pamwamba pa chigubu, igone choncho usiku wonse. Popanda kabowoko oyilo wina amakakamira mkati. Ikauma ndi chitsulo ngati china chilichonse, mukhoza kufunsa ogula zitsulo zakale. Kuiponya m'dzala kapena kuisiyira ana kuti apangire galimoto ndiye ayi.

Musanamange yatsopano, onani ngati labala ya fyuluta yakale yatuluka nayo. Ikatsalira pa injini inu n'kumanga yatsopano pamwamba pake, malabala awiriwo sagwirana, ndipo mukangoliza injini oyilo watsopano yense amathera pansi.

A njinga zamoto ali ndi vuto lawolawo. Pa injini zambiri za kabaza, zopangidwa motengera Honda CG, potsitsira oyilo ndi chitsekerero chachikulu cha sipanala ya 24, kumanzere chakumunsi. Kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa. Mukamasula mosakonzeka sipuling'iyo imakankha chitsekerero, zonse zitatu n'kugwera m'oyilo kapena mumchenga. Chigwireni mokankha mpaka pamapeto, ndipo muone mmene kasefako kanakhalira kuti mukabwezere chimodzimodzi. Pomanga musachite kuponda sipanala ndi phazi. Chitsekererocho ndi cha aluminiyamu, chimasweka kapena kutha mazinga, ndipo njinga imayamba kusiya kadontho paliponse pamene yaima.

Chimodzimodzi pa galimoto: mukaona kadontho pansi m'mawa mwake, pukutani malo onse kaye, chifukwa nthawi zambiri amakhala oyilo amene anayenderera pochotsa fyuluta. Kakabweranso pa bawuti, wolakwa ndi washa. Washa ndi wosintha pa sevisi iliyonse, ndipo kumangitsa bawuti mopitirira sikuchiza washa wotha.

Kutsanula ndi kusunga

Musathamangire kutsanula. Oyilo wofunda akalowa m'botolo lopyapyala la madzi akumwa, botololo limakwinyika n'kugwa. Msiyeni azizire uku mukuthira watsopano mu injini. Mukamaliza mumakhala ndi chigubu chopanda kanthu chimene munagulira oyilo watsopano, ndipo chimenecho ndicho malo abwino a wakaleyo: chinapangidwira oyilo, chili ndi chitsekerero cholimba, ndipo aliyense akachiona amadziwa kuti si chakumwa. Fanelo mukhoza kupanga podula botolo la malita 2 chakumutu. Muikeze kamtengo pakati pa fanelo ndi pakamwa pa chigubu kuti mpweya uzituluka, apo ayi oyilo amabwerera m'mwamba n'kusefukira.

Potsanulapo muyang'aneni oyiloyo padzuwa. Wakuda bii ndi mmene amakhalira, makamaka wa dizilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, mwina gasiketi ya hedi yapsa, mwina munawoloka madzi akuya nthawi ya dzinja. Akamanyezimira tizitsulo, injini ikudyeka mkati, pitani nayo kwa makaniko. Akamanunkha petulo kwambiri, pa njinga yamoto yambani mwaona kabuleta.

Botolo la chakumwa kapena la mafuta ophikira lisasungidwemo oyilo, ngakhale kwa tsiku limodzi. Mwana sawerenga, amangoona botolo limene amalidziwa. Zikachitika kuti wamwa, musamusanzitse, chifukwa posanza mafutawo akhoza kulowa m'mapapo, ndipo kumeneko ndiye koopsa. Thamangani naye kuchipatala mutatenga botololo. Chigubu chanu chilembeni ndi penti kapena maka, chikhale pamthunzi, patali ndi moto, pamwamba poti ana ndi mbuzi sangafike. M'dzinja chisakhale pansi, pakuti madera ena a boma lino madzi amalowa mpaka m'nyumba, ndipo chigubu chimayandama n'kugubuduka.

Chofunika kwambiri pa kusungaku n'chakuti oyilo akhale yekha. Musathiremo petulo amene munatsukira zitsulo, mafuta a mabuleki, madzi a mu rediyeta kapena madzi amvula. Oyilo wosasakaniza amatheka kuyengedwanso, kapena kuotchedwa m'ng'anjo za m'mafakitale zotentha kwambiri, n'chifukwa chake amapeza womufuna. Wosakaniza ambiri samulandira, ndipo wa petulo amagwira moto msanga.

Watayika kale

Musathirepo madzi. Madzi amangomwaza oyilo n'kumulowetsa pansi. Mutchingeni ndi mchenga kuzungulira kuti asapitirire, kenako thiranipo chomwa: utuchi wa kwa kalipentala, phulusa, kapena mankhusu a mpunga, amene kuno sasowa pa zigayo za mpunga. Pa simenti pondanipo ndi nsapato, musiye kwa maola angapo, musese, ndipo banga lotsala mulikweche ndi sopo waufa ndi timadzi tochepa, n'kupukuta ndi sanza m'malo motsukuluzira kubwalo. Padothi kapena pamchenga tengani fosholo nthawi yomweyo, mupale mpaka mufike pa dothi loyera. Mukachedwa mudzakumba mozama. Zimene mwapalazo ziikeni m'chidebe chotseka pamodzi ndi sanza zonse, zipite limodzi ndi chigubu.

Nanga apite kuti?

Apa ndi pamene zigubu zimaunjikana kuseri kwa nyumba mpaka tsiku lina munthu n'kutopa nazo. Pangano la mayiko la Basel la 1989 limaika oyilo wotha ntchito m'gulu la zinyalala zoopsa, ndipo kuno kwathu lamulo la Environment Management Act la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limaletsa kuipitsa madzi ndi nthaka. Koma lamulo silibwera kudzatenga chigubu pakhomo panu. Malo ake muwapeze musanatsitse oyilo, osati mutatsitsa kale.

Yambirani pamene mukugula oyilo watsopano. Funsani wogulitsayo ngati amalandira wakale kapena ngati akudziwa amene amalandira. Kenako magalaja a ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, ndi malo omwetsera mafuta amene amapanganso sevisi, chifukwa iwo amatsitsa oyilo tsiku ndi tsiku ndipo ena amasunga m'madiramu. Si onse amene angavomere. Akavomera, funsaninso funso lachiwiri.

"Achimwene, diramuli likadzaza mumapita nalo kuti?"

Akati pali amene amabwera kudzatenga, siyani chigubu chanu. Akaloza kuseri kwa galaja n'kunena kuti "Timangothira uko, bwana, pansi pamamwa," nyamulani mubwerere nacho, chifukwa pamenepo mwangosamutsa banga kuchoka pakhomo panu kupita pafupi ndi chitsime cha wina. Amene mumapita ku Lilongwe, womwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, funsani ku magalaja akuluakulu kumeneko. Chigubu chotseka bwino, choimika m'katoni, chimayenda m'buti osavuta. Ku khonsolo ya boma kulinso ofesi yoona za chilengedwe, yomwe ntchito yake ndi kulangiza pa zinthu ngati zimenezi. Kwa a kabaza, lita imodzi palibe amene angaiyendere, koma siteji yonse ikamathira m'chigubu chimodzi cha malita 20 chosungidwa kwa tcheyamani, pamakhala poyambira kukambirana ndi wogula.

Tsono pali ntchito zimene anthu amamupatsa oyiloyu kumudzi, ndipo wina akamva kuti muli naye adzabwera kudzapempha. Yofala kwambiri ndi kuthira m'chimbudzi chokumba kuti fungo ndi ntchentche zithe. Imeneyi ndimaikana kotheratu. Dzenje la chimbudzi ndi njira yachidule yofikira madzi a pansi, ndiye mwatenga oyilo n'kumuperekeza nokha mamita angapo kufupi ndi madzi amene inu ndi aneba mukumwa. Fungo limachepa ndi phulusa komanso chivindikiro pa bowo. Kupaka galu wa nkhanambo, nkhumba kapena bala la ng'ombe nakonso n'kolakwika: chiweto chimanyambita, ndipo khungu lodwala limamwa zoipazo mosavuta. Mankhwala ake alipo kwa alangizi a ziweto. Kuwaza pabwalo kuti fumbi ligone ndi kutaya komwe, kungoti kwachitika mwadongosolo. Kuyatsira moto wa zinyalala kapena wa uvuni wa njerwa kumatulutsa utsi wakuda umene mumapuma ndi ana anu omwe. Pa tcheni cha njinga oyiloyu amagwira mchenga n'kumadya tcheni ndi masipuloketi.

Chovuta kuweruza ndi cha mitengo ndi matabwa. Chiswe kuno n'choopsa, mankhwala otetezera matabwa ndi odula, ndipo anthu akhala akupaka oyilo wakuda pa nsanamira za mpanda ndi pa mitengo ya denga kwa zaka zambiri. Sindinganene kuti n'zabwino, chifukwa mbali imene yakwiriridwa pansi imatulutsa oyiloyo m'nthaka pang'onopang'ono. Koma ndikudziwa kuti ena apakabe. Ngati ndi choncho, pasakhale pa thandala loyanikapo usipa, pa nkhokwe, pa khola limene ziweto zimanyambita, pa bwato, kapena pa mtengo uliwonse woimikidwa pafupi ndi chitsime kapena dimba. Popakapo pansi payalidwe pulasitiki, ndipo mtengo uume usanapite kumene ukupita.

A injini za maboti

Injini zambiri za asodzi ndi zija zosakaniza oyilo ndi petulo, choncho zilibe sampu yotsitsa. Koma kumunsi, pafupi ndi pulopela, kuli giyabokosi imene ili ndi oyilo wake, ndipo ameneyu ndi amene amatsitsidwira pamchenga wa pagombe, madzi ali pomwepo. Injini ichotseni pa boti, mupite nayo kumtunda, muiimike chilili pa thabwa. Pali masikuluwu awiri, ya pansi ndi ya pamwamba. Ikani chotengera, mumasule ya pansi kaye. Oyilo amangodontha pang'ono chifukwa mpweya sukulowa, ndipo apa ndi pamene ena amaganiza kuti mulibe kanthu n'kusuntha chotengera. Mukamasula ya pamwamba ndi pamene amatuluka yense. Watsopano amalowera pa bowo la pansi mpaka atulukire pa la pamwamba, kenako mumatseka la pamwamba musanachotse botolo pansi.

Oyilo wa m'giyabokosiyu akatuluka wotuwa, mwalowa madzi a m'nyanja. Kawirikawiri chimakhala chingwe cha mbedza kapena ulusi wa ukonde umene wakulungika kuseri kwa pulopela n'kudya silo, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe. Chotsani pulopela muone. Mukangothira oyilo watsopano osasintha siloyo, madzi alowanso, ndipo oyiloyo azitulukira pomwepo kupita m'nyanja ulendo uliwonse.